Chofunda cha Zigamba za Aneba

Anthu akamafotokoza kuzizira kwa ku Zomba m'mwezi wa Juni amakuchepetsa. Ine ndinaonapo tambala ku Mbedza atakweza khosi kuti alire m'mawa, mawu n'kuuma ali pakhosi, n'kudzamveka masana dzuwa litawomba. Zimenezi n'zoona, ndipo tambalayo tinamudya ife tomwe. Mphepo imatsika kuphiri ngati yatumidwa ndi munthu amene munamulakwira, ndipo nyumba imene tinkachita lendi inali ndi mipata pansi pa malata yoti mphaka n'kudutsa osawerama.

Kuzizira kumeneko ndiko kunandiyambitsa kusoka. Akazi anga anali ndi mashini osokera amene anawasiyira mayi awo aang'ono, ndipo kwa zaka zambiri ntchito ya mashiniwo inali yokhazikapo wailesi. Ine ndikaweruka ku ofesi ndinalibe kopita. Mowa sindimwa, mpira sindiumva, bawo ndinasiya nditaona kuti anzanga amaba ndi zala zonse. Tsiku lina ndinatsitsa wailesi ija, n'kuthira mafuta m'mashini, n'kunena kuti ndisoka chofunda. Akazi anga anangoti, "Sokani bambo, bola musasoke chala."

Ndinadula katoni ya sopo m'maonekedwe a dayamondi, ngati uja wa pa makhadi osewerera. Katoniyo umaiika pansalu, kulemba mozungulira ndi kachidutswa ka sopo wotha, kudula, kenako kulumikiza chigamba ndi chinzake. Pofotokoza n'zophweka. Koma nsalu yodulidwa chopingasa ili ndi mwano, imakokeka pamene sunaiuze, ndipo nsonga za madayamondi zikapanda kukumana pamalo amodzi chofunda chonse chimatukumuka ngati chitumbuwa. Ndinamasula misoko yambiri kuposa imene ndinasoka. Ulusi umene ndinataya mwezi woyamba ukanafika ku Liwonde n'kubwerako.

Nsalu ndinkazipeza kwa atelala a pakhonde la golosale pafupi ndi kwathu. Iwo ankasesera zidutswa zotsala m'thumba la feteleza, ndipo nditawapempha anati, "Tengani bwana, mwandichepetsera zosesa." Atelalawa ndi amene ankasokera dera lonse: madiresi a ukwati, malaya a kwaya, mayunifolomu a ana.

Ndinkadziwa, monga aliyense amadziwa, kuti amayi ena akasoketsa chovala amaitanitsa zidutswa zotsala n'kuzimanga pakona ya chitenje. Kansalu ka chovala cha munthu kakagwa m'manja oipa, amati kamagwira ntchito ngati tsitsi kapena zikhadabo zake. Koma ine ndinkaganiza kuti nsalu imene sinakhudzepo thupi ilibe mwini. Panalibe amene ndinamufunsa.

Chofundacho chinatha chaka chitazungulira, Juni atabweranso. M'kati ndinaikamo bulangeti lakale, kumbuyo nsalu ya pabedi ya pa kaunjika. Chinali chokongola, ndipo ndikunena ine amene sindidzitama. Loweruka m'mawa ndinachichapa n'kuchiyanika pachingwe cha pabwalo, pafupi ndi mpopi umene nyumba zonse za alandilodi athu zimatungapo madzi. Ndinakhala pakhonde ndi tiyi kudikira kuyamikiridwa.

Amayi a pampopi anali pakati pa nkhani, ndipo nkhaniyo inaduka. Ndowa ya wina inadzaza n'kumatayika, osaichotsa.

"Kabuluu ako si diresi langa la pa Isitala?"

"Aka ndi yunifolomu ya mwana wanga."

"Taonani, malaya a bambo a kunyumba awa. Ali patatu."

Palibe amene ankayang'ana ine. Onse ankayenda m'mbali mwa chingwe, manja kumbuyo, aliyense kufunafuna banja lake. Kenako maso onse anaima pakati penipeni pa chofundacho.

Pakatipo ndinaikapo dayamondi wachikasu wa maluwa a nkhanga, chifukwa ndiye anali wowala kuposa onse, ndipo kuti awale bwino ndinamuzunguliza ndi zigamba zakuda. Nsalu yachikasuyo aliyense ankaidziwa. Inali ya aneba athu a khomo loyandikana, mayi wogulitsa mandasi, amene kuseka kwawo kunkamveka mpaka ku Chikamveka. Sabata imeneyo sanaseke. Anali chigonere, akunjenjemera ndi kutsokomola, ndipo achemwali awo aakulu anali atabwera kuchokera ku Jali kudzawadwazika.

Achemwaliwo anaitanidwa. Anali mayi wamfupi, wosaphethira. Anayang'ana chikasu chija, n'kuyang'ana zakuda zozungulira, n'kutembenukira kwa ine.

"Bambo, mng'ono wangayu anakulakwirani chiyani?"

"Palibe, mayi. Mandasi awo ndimagula tsiku lililonse."

"Nanga mwamuika m'manda bwanji ali moyo?"

Ndinayamba kufotokoza kuti mtundu wowala umafuna wakuda pambali pake. Ndikulankhula ndinkadzimva ndekha kuti ndikuipitsa. Mwamuna wamkulu, wa tayi, amene amatola nsalu za anthu mwakachetechete, kuzidula mofanana, kuzisanja usana ndi madzulo chitseko chili chotseka. Ndikanakhala ine pampopi paja, ndikanayamba ine kutola mwala.

Masana alandilodi anabwera. Ndi mayi wamasiye, wa mpingo, wolankhula pang'onopang'ono. Anakana mpando.

"Ine zimenezi sindizikhulupirira, bambo," anatero. "Koma mawindo awa ndi agalasi, ndipo ndinaika ndekha amuna anga atapita. Anthu akayamba kugenda sasankha kuti ili ndi la alandilodi. Mayi aja zikawavuta, inu musadikire kuti ndikuuzeni. Mudzapeze kwina."

Nyumba imeneyo tinali titakhalamo kuyambira ana ali aang'ono. Ndipo munthu wochoka pamalo ndi dzina limenelo, dzinalo limafika kumene akupita iye asanatsitse katundu.

Achemwali aja anatumiza mawu akuti chigamba cha mng'ono wawo chichotsedwe dzuwa lisanalowe, chibwezedwe. Ndinaona kuti n'zosavuta. Ndinaanula chofunda, kuchiyala pabedi, kutenga lezala. Akazi anga anandigwira dzanja.

"Bambo, mukachotsa, mayi aja n'kuchira, anthu ati chiyani?"

Ndinaganiza. "Ati chinkawadwalitsa ndi chigambacho."

"Akapanda kuchira?"

"Ati ndinachedwa kuchotsa."

"Ndiye lezalalo likuthandizani pati?"

Ndinakhala pansi. Thukuta linatuluka m'mwezi wa Juni, ndipo amene amadziwa Zomba akudziwa kuti zimenezo sizichitika. Akazi anga anapinda chofunda chonse, kuchiika pamutu ngati mtolo wa chinangwa, n'kunena kuti ndiwatsate.

M'chipinda cha aneba munali fungo la mankhwala opaka ndi utsi wa mbaula. Mayi aja anagona pamphasa, atafunda zitenje ziwiri ndi kabulangeti kopyapyala koti n'kuwerengera nyuzipepala kuseri kwake. Mano ankagundana. Amuna awo, amene amayendetsa njinga ya kabaza, anaima pakona ngati mlendo m'nyumba yawo yomwe. Achemwali anatitsekera njira.

"Tinati chigamba."

"Chigambacho ndi ichi, tabweza," anatero akazi anga. "Tabweza ndi anzake omwe. Chikhale kuno, ife kwathu tisatsale ndi kalikonse ka munthu."

"Mukufuna mumufunditse chinthu chimenechi?"

Wodwala anatsegula diso limodzi. "Achemwali, kaya ndi cha mfiti kaya ndi cha ndani, ndifunditseni. Ndikufa ndi mphepo ine."

Anawafunditsa. Dayamondi wachikasu uja anagwera pachifuwa penipeni, ndipo ndinaona achemwali akuonanso zomwezo. Akazi anga anagwada, kuika khutu pafupi, kumva mmene mpweya unkalirira, n'kufunsa kuti kuchipatala anapitako liti. Sanapiteko. Amuna awo ankawagulira panado, ndipo achemwali anali atapangana ndi munthu wina wa kwawo woti abwere ndi mizu.

"Aneba," akazi anga anauza bamboyo, "njinga yanu imanyamula anthu a eni tsiku lonse. Lero inyamule akazi anu."

Njinga sinathe, wodwala sankakhala tsonga. Ndinakapeza galimoto ya mnzanga wa ku ofesi. Powanyamula anakana kusiya chofunda, ndiye anatuluka atakulungidwa momwemo, dera lonse likuonerera m'makonde. Galimoto itanyamuka ndi pamene ndinazindikira zimene tachita. Mayi aja akanamwalirira kuchipatalako, akanamwalirira m'chofunda changa, anthu onse ali mboni.

Masiku otsatirawo sindiwafunira munthu. Moni anatha. Mnyamata wa m'golosale ankaika chenji pakauntala m'malo mondipatsa m'manja. Amayi ankaanula zovala zawo ndikamadutsa, ngakhale zonyowa. Atelala atandiona anaweramira mashini awo n'kupalasa mwamphamvu popanda nsalu pansi pa singano. Masana ena chinthu chinagunda padenga pathu. Akazi anga anati ndi peyala, koma mapeyala a kwathu amagwa kuchokera m'mwamba, sabwera chopingasa kuchokera kumsewu. Tinayamba kulongedza mbale m'makatoni, mwakachetechete, wina osauza mnzake chifukwa chake.

Kuchipatala akazi anga ankapita ndi phala. Pobwera ndinkawayang'ana kumapazi kuti ndione mayendedwe. Ankangoti, "Ndi chibayo. Ali pa jakisoni." Ndikafunsa ngati pali kusintha ankati, "Akupuma."

Lamlungu sindinapite kutchalitchi, poopa kuti benchi yonse indisiyira ndekha. Ndinakwera msewu wa kuphiri wapansi, kungofuna malo amene anthu sandidziwa. Ndinadutsana ndi amayi otsika ndi mitolo ya nkhuni yaitali kuposa minibasi, ndi anyamata ogulitsa mabulosi m'timbale. Mmodzi anandipatsa moni, ndipo ndinagula mbale yonse chifukwa cha moniyo. Kumtunda ndinakhala pamwala pakati pa mitengo ya paini, kuyang'ana tauni pansi, kusankha dera limene tingasamukire. Lililonse limene ndinaloza linali ndi munthu wodziwana ndi wa ku Mbedza.

Pobwerera, nditakhota kulowa msewu wa kwathu, ndinaona nthambi zaziwisi zitaikidwa pamsewu. Kwathu kuno nthambi pamsewu sizifuna kufunsa, ndi maliro. Ndinaima pomwepo ndi mabulosi m'manja, kumvetsera kumene kulira kukuchokera, ndipo mtima unkagunda mwakuti galu wa pafupi anayamba kuuwa. Ndinaganiza zobwerera kuphiri n'kukakhala komweko. Kenako ndinaona akazi anga akubwera, atamanga chitenje, mpango kumutu.

"Ndi agogo aja a kuseri kwa chigayo," anatero asanafike n'komwe. "Ukalamba."

Mulungu andikhululukire, sindinamvepo uthenga wa maliro wokoma chonchija. Akazi anga anandiyandikira n'kutsitsa mawu.

"Malaya awo munaikamo?"

"Ayi. Ankavala za pa kaunjika."

"Mwatsimikiza?"

"Ndikulumbira."

"Ndiye tiyeni kumaliro. Mukakhale poonekera."

Ndinakhala poonekera. Amuna a mbali yanga anandisiyira malo okwanira anthu a kwaya yonse.

Chapakati pa sabata mayi a mandasi anatulutsidwa. Anatsika galimoto okha, ataonda, chofunda chili paphewa. Anthu anatuluka kudzaona, ndipo panayamba makani amene sanathe mpaka lero. Achemwali anati wachira chifukwa chigamba chinabwerera kwa mwini wake. Amuna awo anati ndi jakisoni. Amayi ena a pampopi anati chofundacho chili ndi mphamvu ndithu, koma yochiritsa, ndipo mmodzi anandifunsa mwakachetechete ngati ndingasoke china cha apongozi ake a nyamakazi. Ine ndinkadikira munthu mmodzi.

Alandilodi anabwera madzulo ake, ndipo ulendo uno analandira mpando. Anayang'ana makatoni a mbale pakona, anayang'ana mashini.

"Mukupita kuti ndi makatoniwa?"

"Timayembekeza mawu anu, mayi."

"Masulani mbalezo. Koma bambo, ngati kusokako simungasiye, nsalu muzikagula ku Limbe. Za anthu amene sitikuwadziwa."

Ndinavomera. Atelala masiku ano amatentha zidutswa zawo kuseri kwa golosale, ndipo amaonetsetsa kuti utsi aliyense wauona. Moni anabwerera, ngakhale ena amandipatsa ndi manja awiri ndi ulemu wopitirira msinkhu wanga.

Patapita milungu ndinapita kukagula mandasi. Mayi aja anali atayambanso kuseka. Chofunda changa chinali pachingwe kuseri kwawo, chikuwala. Ndinayamikira kuti achira, ndinayamikira mandasi, kenako ndinafunsa mwaulemu ngati chofundacho amaliza nacho.

Anandiyang'ana, chipande chili m'mafuta.

"Aneba, mukufuna ndidwalenso?"

Ndinalipira mandasi n'kubwerera kunyumba. Akazi anga anali akupukuta mbale zomaliza n'kumaziika m'kabati.