Nyama ya Amadamu

Azakhali anga akhala kunja kuno zaka khumi ndi zinayi, akuphika panyumba yosungira okalamba. Amakwera mabasi awiri m'mawa uliwonse kukaphikira anthu opanda mano chakudya chopanda mchere. Si olankhulalankhula, koma ukawalakwira amasunga ngati mbewu. Ine amene ndimakhala nawo ndimawaopa akakhala chete.

Kamodzi pachaka, pa tsiku la chikondwerero chakwathu, tonse ochokera kumudzi timadyera pamodzi. Kwa zaka zisanu phwandoli linkachitikira kwa Amadamu, mkazi wa dokotala wa mano, chifukwa nyumba yawo ndi yaikulu. Azakhali ankapitako dzulo lake, kukonza nyama ya mbuzi, kudula anyezi mpaka maso psuu. Alendo akamafika, Amadamu ankavala epuloni yoyera n'kuima pafupi ndi mapoto. Mapeto ake nyama ija inatchuka kuti ndi ya Amadamu. Azakhali ankangoti bola anthu adye.

Chaka chatha ndi pamene zinafika pamtima. Mlendo wina anawapeza azakhali akutsuka mbale n'kufunsa kuti ndi ndani. Amadamu, osatembenuka n'komwe, anati, "Ameneyo? Wongotithandiza kutsuka." Anthu oti anakulira limodzi, kusukulu ankakhala desiki imodzi. Ine magazi anawira, ndinafuna kuswa mbale, koma azakhali anandiponda phazi.

Chaka chino azakhali anaitanira onse kwathu, m'kanyumba ka zipinda ziwiri. Tinabwereka mipando kwa oyandikana nawo, tebulo lositira tinaliyala nsalu. Anaphika mpunga, nyemba ndi kabichi. Mbuzi anangoidula bwinobwino n'kuisiya yaiwisi m'beseni. Kenako anandituma kuti ndizule chitseko cha kukhitchini, ati chikuchepetsa malo.

Amadamu anafika mochedwa, zikhadabo zopentapenta, mafuta onunkhira atawatsogolera pamasitepe. Azakhali anawalandira ndi manja awiri, n'kuwaveka epuloni pamaso pa onse.

"Achemwali, anthuwa andivutitsa, akufuna nyama yanu ija. Ine ndawauza kuti mwiniwake akubwera. Zonse zili apo."

Anthu anawomba m'manja. Adokotala, amene sanalowepo m'khitchini yawoyawo, ndi amene anawomba kwambiri. "Awonetseni, mayi," anatero.

Popanda chitseko, tonse tinkaona. Mbuzi yokalamba imafuna kuyamba yawira pamoto wochepa, aliyense wogwira poto amadziwa. Amadamu anathira mafuta theka la botolo, anatsegula moto wonse, n'kukhuthuliramo beseni lonse kamodzi. Mafuta anawathethekera m'manja. Mchere anathira kawiri, poiwala kuti athira kale. Utsi utadzaza, kabelu ka kudenga kochenjeza za moto kanayamba kulira, ndipo mlendo wina, dalaivala wa takisi, anakwera pampando kukakupiza utsiwo ndi thaulo.

Ndinapita kukatenga madzi, ndipo ndinawamva Amadamu akunong'oneza azakhali.

"Mnzanga, chonde. Tangondiuza, madzi ndithire liti?"

"Ine ndingadziwe bwanji, achemwali? Ndikudikira mbale zoti nditsuke."

Azakhali anabwerera pabalaza, anavula nsapato, n'kuyamba kufunsa anthu za ana awo. Sindibisa, ndinakondwa mpaka kumapazi.

Nyama inabwera yakuda kunja, yamagazi mkati, yolimba ngati lamba. Tinatafuna mwaulemu. M'nyumba monse munkangomveka nsagwada. Adokotala anatulutsa yawo m'kamwa mobisa n'kuikulunga m'kapepala, ndipo anayang'ana akazi awo nthawi yaitali. Mayi wina woluka tsitsi, amene pakamwa pake sipakhala loko, ndi amene analephera kupirira.

"Pepani, ndingofunsa nawo. Zaka zonse zija ankaphika ndani?"

Mitu yonse inatembenukira kwa azakhali. Ndinaganiza kuti alankhula tsopano, awerenge chaka ndi chaka. Ayi ndithu. Anangonyamula poto, n'kupita pamene panakhala Amadamu, n'kuwaikira zidutswa zina zitatu zazikulu.

"Mwatopa nayo, achemwali, idyani. M'nyumba muno sititaya chakudya."

Anakoka mpando, anakhala moyang'anizana nawo, manja pamiyendo. Anadikira mpaka Amadamu atameza chidutswa chomaliza.