Tsiku limene a Nyirongo anakana chakudya

A Chawezi Nyirongo anali kalipentala ku Mzuzu kwa zaka makumi atatu. Mu 2014 mwana wawo Pamela anawatengera kunja kwa dziko lino, ku Beech Grove komwe ankakhala, kuti akapume. Kumeneko analibe galimoto ngakhale chilolezo chogwirira ntchito, moti ankangoswera pawindo.

Tsiku lina anatola mapepala a Pamela a kuyunivesite. Munali ulaliki wakalekale wa Chingelezi, wodzudzula alesi ndi mavesi ondondozana, lina la nyerere, lina loti wosagwira ntchito asadye. Masana amenewo anakana chakudya.

"Adadi, mlaliki ameneyu anamwalira zaka 400 zapitazo," anatero Pamela. "Sankanena inu."

"Nanga mavesiwo anamwaliranso? Iwe ukuti ndipume, Baibulo likuti ndisadye. Ndimvere ndani?"

Pamela anawasendezera mbale ya chakudya pafupi. Kenaka bambowo anadya pang'ono chabe, uku akupukusa mutu.