Jiivi pa Chala cha Tamala

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene amayi anandipatsa ntchito yonamiza anthu a katemera. Tinkakhala m'zipinda ziwiri za lendi ku Kanyama. Mlongo wanga Yohane anali ndi zaka zisanu koma sankalankhula. Ali wamng'ono ankatchula "mama" bwinobwino, ndiye atatsala pang'ono kukwanitsa zaka ziwiri mawu aja anangozimiririka. Ukamuitana sankacheuka. Ankaswera pakhonde akundandalika zotsekera mabotolo, ndipo wina akasuntha chimodzi chokha ankalira mpaka kudzimenyetsa mutu kukhoma.

Amayi ankati wolakwa ndi jakisoni. Mwana wawo anapita kusikelo ali bwino, anamubaya katemera wa chikuku, patangopita milungu yochepa n'kusanduka wina. Bambo akayesa kutsutsa, amayi ankawafunsa kuti akuchipatalawo awapatsa chiyani. Bambo ankabwera atatopa ndi kukankha wilibala kumsika wa ku Kamwala, choncho nkhaniyo ankangoisiya.

Mng'ono wanga Tamala anabadwira kunyumba nthawi ya mvula, madzi ali m'mawondo, galimoto yosatha kulowa m'komboni. Amayi anati ndi Mulungu wamubisa mwanayu kwa manesi, ndipo kusikelo sanapondeko naye.

Otsala anali aja oyenda khomo ndi khomo atakoleka timabokosi tozizira paphewa. Mwana akalandira katemera ankamupaka inki pachikhadabo cha kachala kakumapeto, kuti anzawo asamubwereze. Amayi ankaswera kumsika ndi tomato wawo, ndiye ine ndikangomva chimkuzamawu chikulengeza, ndinkatenga jiivi, mankhwala aja a zilonda za m'kamwa, n'kumupaka Tamala ndi kamtengo ka machesi. Ndinkadziona wochenjera kwambiri. Mayi wina wa katemera anayang'anitsitsa kachalako, n'kundiyang'ananso ine kwa nthawi, koma anali ndi nyumba zambiri zoti afike ndipo anapitirira.

Tamala atadutsa chaka ndi theka anasiya kucheuka tikamuitana. Anayamba kuyenda monyang'ama, n'kumakupiza timanja pafupi ndi nkhope monga ankachitira Yohane. Ine ndinaona msanga, koma chifukwa cha mantha ndinawabisira amayi.

Amayi ataona, anamuvula zovala zonse masana dzuwa likuswa mtengo, n'kuyamba kumusanthula ntchafu ndi mikono. Anapeza kachipsera kakang'ono, mwina ka udzudzu. Anandiitana.

"Esinati, unamupeleka liti ku kiliniki mwana uyu?"

"Sininamupeleke, amai."

"Nanga ivi vayamba bwanji? Kamba zoona."

Zoona ndinali nditanena kale, ndiye patapata inagwira ntchito yake. Amake Rashidi, omwe tinkagundizana nawo khoma, anabwera kudzandilanditsa. Kuyambira tsiku limenelo nawonso analowa m'gulu la okayikiridwa, chifukwa amayi anati mwina ndi iwo anandiperekeza. Moni unatha, ngakhale kubwerekana mbaula kunatha.

Mikwingwirima inapola pasanathe sabata. Chomwe chinandiwawa n'chakuti Tamala ndinkaswera naye kumsana ndine, ndipo ndinkadziwa kuti singano sinamukhudzepo chibadwire. Ngati anakhala ngati Yohane popanda jakisoni, ndiye kuti jakisoni uja tinkamunamizira. Koma mwana wa sukulu akanawauza bwanji zimenezi amayi ake okwiya?

Patapita zaka tinapita nawo onse awiri kuchipatala chachikulu m'tauni. Dokotala anati vutoli ndi otizimu, kuti mwana amabadwa nalo ndipo nthawi zina limagwera ana angapo m'banja limodzi. Anati zizindikiro zimaonekera pa msinkhu womwewo umene ana amalandira katemera, n'chifukwa chake makolo amaziphatikiza, koma ofufuza sanapeze kuti katemera ndiye amayambitsa. Amayi anagwedeza mutu mwaulemu. Tili m'minibasi anandinong'oneza kuti dokotala sangaulule anzake.

Ana anga onse atatu anabayitsa katemera aliyense. Ndikaganiza za chikuku chomwe chinkadutsa m'komboni mwathu Tamala alibe chomuteteza, chifukwa cha dzanja langa lomwe, ndimaona kuti ndinkasewera ndi moyo wake. Unali mwayi chabe kuti sichinamugwire.

Amayi tsopano akalamba. Amakhala ku Chawama ndi Yohane ndi Tamala, ndipo palibe amene amawamvetsa awiriwo kuposa iwo. Nthawi zina ndikawachezera amandigwira dzanja n'kunena motsitsa mawu, "Nakalamba manje, siningakumenye. Niuze chabe."

Kale zinkandipsetsa mtima. Lero ndimamvetsa chomwe akupempha. Ndikanati inde, Tamala ndinakamubayitsa, akanapuma, chifukwa ndiye kuti vutoli linalowa ndi singano, silinachoke m'mimba mwawo. Ndawauzapo kangapo kuti palibe amene analakwa, ngakhale iwowo, koma si yankho lomwe akufuna. Ndimawauza zoona zomwe zija, ndipo amandisiya dzanja.