Thirakitala ya Akulu Anga Itayamba Kumwa Madzi

Akulu anga anthu amawatchula a Dizilo, ndipo dzinalo sadana nalo, chifukwa ngakhale asambe ndi sopo wonunkhira chotani, fungo la dizilo limafika iwo asanafike. Amalima minda ya anthu ndi thirakitala imene anasiya malemu bambo athu, yakale moti mtundu wa penti yake palibe amaukumbuka. Ine mng'ono wawo ndine telala. Za injini sindidziwapo kanthu, koma nyumba zathu n'zoyang'anana, ndiye palibe chimandipita.

Kale amene ankayendetsa thirakitalayo anali alamu anga, amuna awo. Sitiroko itawapha dzanja lamanja ndi mwendo, akulu anga anakwera okha pampando paja, anthu akuseka. Alamu inawatsalira ntchito imodzi: m'mawa uliwonse kukoka mwendo mpaka pashedi, ketulo kumanzere, n'kuthira madzi mu redieta. Ntchito imeneyi sankalola munthu wina kuikhudza.

Tsiku lina, mvula ili pafupi, eni minda akusinthana pakhomo, akulu anga anasolola kachitsulo koyezera oyilo n'kungoti kakasi. Oyilo uja anali ngati tiyi wamkaka. Atamasula bawuti ya kunsi kwa injini, choyamba kutuluka anali madzi.

"Abambo, redietayi ikumamwa bwanji masiku ano?" akulu anga anawafunsa amuna awo.

"Ikumamwa ndithu," anatero alamu. "Kale ketulo sinkatha, pano ndimachita kubwereza."

"Kuyambira liti?"

"Papita nthawi. Ndimati mwina n'kutenthaku."

Ine ndinapsa mtima, ndipo pakamwa panga sipachedwa. "Zoona alamu? Munthu wokalambira pathirakitala, madzi akuthawira mu oyilo inu osanena?" Alamu anaika ketulo pansi n'kulowa m'nyumba. Akulu anga anandikokera kuseri kwa shedi.

"Iwe ukuganiza kuti samadziwa? Munthu watsala ndi kantchito kamodzi, kantchitoko n'kuyamba kukula, akakanenere yekha kuti ndi matenda? Pita uzikasoka."

Kuyambira tsiku limenelo alamu sanatulukenso. Ketulo inangokhala pomwe anaisiya, nkhuku n'kumamwamo.

Makaniko wa kumsika atabwera anapukusa mutu. Anati mwina ndi gasiketi yomata pamene zitsulo za injini zimakumana, mwina injini yang'aluka mkati, ndipo ikakhala yong'aluka ndi bwino kuitana ogula zitsulo zakutha. Akulu anga anati, "Zitsulo zakutha ndi mawu anuwo. Ndibwerekeni masipanala."

Anachotsa chibeseni cha oyilo kunsi kwa injini, kudzaza redieta mpaka pakhosi, kuyala thumba n'kugona chagada pansi pa thirakitala kudikira kuti aone kumene madzi akudonthera. Anagona pamenepo mpaka ine woonerera msana kundiwawa. Kenako dontho linawagwera pachipumi.

"Ndakugwira, mbava iwe!"

Injini sinali yong'aluka. Madzi ankadutsa pa kamphira kovunda ka m'munsi mwa silinda imodzi. Kamphira koti n'kukabisa m'dzanja, koma kuti ukafike uyenera kuphwasula injini kuchokera pamwamba. Mabawuti anali atagwira dzimbiri, sipanala inaterereka n'kuwasupula zala, iwo anangomangapo kansanza kanga n'kupitiriza. Mitambo inkada. Eni minda ena anatopa n'kupita kwina, ndipo akulu anga sanadzutse n'komwe mutu kuwatsanzika.

Pobwezeretsa injini, ndinawamva akulu anga akufuula cha pazenera la kuchipinda. "Abambo, mabawuti apamwambawa amayambira pati pomanga?" Ankadziwa bwinobwino, ndinaona ndi maso anga sipanala ili kale pamalo pake. 

"Pakati," anatero alamu m'katimo. "Muzipita cha kunja, mosinthanitsa."

Akulu anga anatsuka injini ndi oyilo wina n'kumutaya, kusintha sefa, kuthira watsopano. Thirakitala inatsokomola, kulavula utsi, n'kulira ngati kale. M'mawa mwake alamu anatuluka, kutsuka ketulo yawo, kukoka mwendo mpaka pashedi. Atatsekula redieta anapeza madzi ali tho, osasowa ngakhale dontho. Anatseka bwinobwino.

"Mwaikonza, amayi. Pano sikufunanso munthu."

Anabwerera m'nyumba ketulo ili yodzaza. Zinandiwawa kwambiri.

Madzulo ake, ndikuanula zovala, ndinaona akulu anga atanjuta kutsogolo kwa thirakitala. Anatsekula kampopi ka pansi pa redieta, kudzaza kapu, kutseka, madziwo n'kuthirira maluwa. Atandiona anandilozera chala chomanga nsanza chija. "Ungoyerekeza kuwauza."

Kutacha anagogoda pazenera. "Abambo, redietayi ine sindikuikhulupirira. Muziiona ndinu. Ikangomwa kupitirira kapu mundiuze tsiku lomwelo."

Mpaka lero madzulo aliwonse maluwa aja amamwa kapu yawo. Ndipo m'mawa uliwonse, ndikamatsekula makina anga, ndimamva mwendo ukukokedwa pabwalo, chivindikiro chikulira, kenako mawu a alamu okweza kuti aliyense amve: "Kapu imodzi basi, amayi. Pitani mukalime."