Mtengo wa Juwisi wa Amayi

Bambo anga ndi osoka nsapato, ndipo nkhope za anthu sazisunga. Mukawafunsa za munthu amene takhala naye moyandikana kuyambira ndili mwana, amayamba aganiza kaye, kenako n'kunena kuti, "Oo, uja amadya chidendene chakumanja?" Pakhonde la sitolo pamene pali benchi yawo sanapachikepo mtengo wa chilichonse. Munthu akabwera ndi nsapato yong'ambika, iwo sayang'ana yong'ambikayo ayi, amayang'ana imene wavala, n'kutchula mtengo. Ndinaphunzira sukulu ndi ndalama zopezeka mwa njira imeneyi, choncho sindingainyoze kwambiri, koma manyazi okha ndinachita nawo ambiri.

Chaka chatha amayi anadwala sitiroko, dzanja ndi mwendo wakumanzere n'kufooka. Munthu amene ankakolopa ngakhale poti pakolopedwa kale anangokhala wa pampando, maso pawindo. Chimene chinkawawawa kwambiri si mwendowo, koma zaulere. Aliyense wodzazonda ankabwera ndi kanthu m'manja, mpaka mayi wogulitsa tomato anayamba kukana ndalama zawo.

"Ndasanduka wopatsidwa ine," ankatero.

Ku mafizo, kuchipatala kolimbitsa ziwalo, ankanena kuti ndi ndodo akhoza kuyenda, koma iwo ankakanitsitsa kuti anthu awaone akukoka mwendo. Ankapita pa njinga ya olumala, n'kubwera pa njinga yomweyo. Nsapato zawo zakuda bambo ankazipaka polishi Loweruka lililonse, ngakhale kuti pansi pake panali poyera ngati zam'sitolo.

Ndiye kunamveka kuti ku mafizo kuja zipangizo zatha ntchito, ndipo komiti yakonza tsiku lopezera ndalama. Wapampando wa komitiyo, mayi wa nyumba yaikulu ya mpanda, anapereka bwalo lake la maluwa kuti anthu adzagulitsirepo mbande, makeke ndi zakumwa. Wina anakumbukira juwisi wa mandimu ndi jinja amene amayi ankapanga asanadwale. Amayi anavomera, koma anaika lamulo lawo.

"Agulitsidwe. Asaperekedwe. Ndowa ikabwerera yodzaza, kapena ndikamva kuti mumamwetsa anthu mwachisoni, kukhitchini sindidzalowakonso."

Amayi anga sanena zinthu zongoopseza. Mandimu anafinya okha ndi dzanja limodzi, chigongono cha dzanja lofooka chitapanikiza mbale. Nditati ndithandizeko anandithamangitsa ngati nkhuku. Njere zinali mbwee pansi ponse, ndipo ine ndinapsa mtima, kenako ndinakalira kubafa.

Tsikulo litafika, wapampando anabwera pa tebulo lathu ndi maganizo abwino. Anati poti juwisiyu wapangidwa ndi wodwala, tingoika mbale, aliyense aziponyamo zimene mtima wake wamuuza.

"Mitima ya anthu sitiidziwa, mayi," anatero bambo. "Tigulitsa."

Wapampando anangoti chabwino, n'kulemba pakakatoni kuti kapu imodzi thu handiredi. Atangotembenuka, bambo anaona kuti tebulo likugwedera pa kapinga. Anapinda kakatoni kaja bwinobwino n'kukaika pansi pa mwendo wa tebulo. Linasiyadi kugwedera.

Amayi tinawakhazika pamthunzi wa mtengo, kutsidya kwa bwalo, chifukwa anati safuna kukhala pafupi ndi ndowa ngati wopemphetsa. Ine ndinkathira m'makapu, bambo ndiwo ankatchula mtengo.

Woyamba anali mayi wa nsapato zazitali zimene zinkamira m'kapinga. Bambo anasuzumira kuseri kwa tebulo.

"Faivi handiredi."

Pambuyo pake panali bambo wa nsapato zansalu zotulukira chala.

"Handiredi."

"Iii, si juwisi yemweyu?" anafunsa mayi uja.

"Yemweyu, mayi," anayankha bambo mwaulemu, n'kuwapatsa chenji.

Musaganize kuti njirayi silakwa. Kunabwera mnyamata wamkulu ndithu wa nsapato zachikopa zonyezimira, bambo n'kumutchulira mtengo wa bwana. Analipira mwakachetechete n'kumamwa pang'onopang'ono ngati mankhwala. Tinamva pambuyo pake kuti ndi dalaivala, ndipo nsapatozo anachita kupatsidwa ndi abwana ake zitawathina. Kenako kunabwera mkulu wina wa masilipasi omanga ndi waya. Bambo anamumvera chisoni, n'kumugulitsa pa fifite, n'kumulangizanso kuti adzawapeze pakhonde paja adzamusokere mwa mtengo wabwino. Ndinawanong'oneza kuti ameneyo ndi mwamuna wa wapampando, mwini nyumba, mpanda, maluwa ndi kapinga amene taimapoyu.

"Ndiye agule nsapato," anatero bambo.

Ndinkafuna nthaka itang'ambika ndilowemo. Koma mbiri inawanda m'bwalo monse kuti pa tebulo la juwisi akuyeza anthu kumapazi, ndipo anthu, poti ndi anthu, anayamba kubwera kudzamva mtengo wawo. Ena anavula nsapato n'kubwera chosavala. Bambo anati wovula alipira kawiri, chifukwa pali chimene akubisa. Mayi wina atauzidwa kuti handiredi fifite anakwiya zedi, nati nsapato zakezo anamugulira mwana wake wa kunja. Bambo anapepesa, n'kukweza mtengo, mayiyo n'kuchoka ali wokhutira.

Ndowa inkatsika ndithu. Ndinathamangira kwa amayi kukawauza, ndikuganiza kuti asangalala. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Anthu onse aja akuseka chiyani?"

"Akuseka ababa, amayi."

"Kapepala ka mtengo kali kuti? Pa matebulo ena ndikukaona."

Ndinayesa kufotokoza za mwendo wa tebulo, koma ngakhale ine ndemwe ndinamva kuti zikumveka ngati bodza.

"Mukugawa," anatero. "Iwe ndi abambo ako mwagwirizana. Chaka chonse chino mwakhala mukundinamiza mokoma mtima. Pita."

Ndinabwerera ku tebulo mtima uli m'malere. Tinali titatsala pang'ono kupala pansi pa ndowa pamene ndinaona anthu akupatuka. Amayi ankabwera, ndodo kudzanja lamanja, kachikwama kali m'khosi, mwendo wakumanzere ukutsalira n'kumakokedwa. Njinga ija inatsala yokha pansi pa mtengo. M'mawa umenewo kapinga anali atathiriridwa, ndipo panali poterera. Nditati ndithamange kukawathandiza, bambo anandigwira mkono osandiyang'ana n'komwe. 

Anafika thukuta lili kamukamu, n'kugwira m'mphepete mwa tebulo. Anasuzumira m'ndowa, kenako anayang'ana amuna awo.

"Kapu imodzi ndi zingati, bambo?"

Bambo anachita zimene amachita ndi aliyense. Anasuzumira pansi. Nsapato zakuda zija zinali matope okhaokha, udzu utakanirira m'mbali, yakumanzere itakalika kutsogolo. Anaziyang'ana nthawi yaitali kuposa za wina aliyense tsiku limenelo.

"Wani sauzande."

"Aa! Juwisi wanga yemwe? Wotsalira pansi, wanjere?"

"Nsapato zoyendera izi, mayi. Obwera ndi miyendo yawo amalipira wonse."

"Faivi handiredi."

"Sindichotsa."

"Seveni. Ndinu wakuba inu, ndakhala ndikukuuzani kuyambira kale."

"Mukapeza wotchipa kwina, kaguleni."

Amayi anatsegula kachikwama ndi mano, n'kutulutsa wani sauzandeyo, n'kuiponya pa tebulo monyinyirika ngati munthu amene waberedwa masana. Koma nkhope yawo ndinaiona. Anamwa ataimirira, n'kulavulira njere m'maluwa a wapampando.

"Shuga wachepa," anatero. "Ulendo wina ndidzawonjezera."

Loweruka lotsatira bambo anatulutsa polishi ndi burashi monga mwa nthawi zonse, n'kupukuta nsapato za m'nyumba monse, koma za amayi sanazikhudze. Anazisiya pakhomo ndi matope ake ouma, pamene aliyense wolowa ankaziona. Zinakhala pamenepo mpaka amayi anawakalipira kuti munthu wamkulu akudetsa m'nyumba, n'kudzuka okha kukafuna chokolopera.