Mutu Womaliza wa a Japhet

A Japhet anabwera ku Glasgow kudzaphunzira filosofi, maphunziro ofufuza mmene munthu amaganizira ndi chimene amati choonadi. Digiri anaipeza, koma ntchito ya kuyunivesite sinapezeke, ndiye anakalamba akuyendetsa basi ya ku Springburn. Ife a kumpingo tinkawaseka kuti ndi dalaivala yekhayo amene angakufunse ngati ukudziwadi kumene ukupita.

Khumbo lawo linali limodzi: kulemba mbiri ya maganizo awo. Ankati anthu anzeru a kuno ku Ulaya ali ndi chizolowezi chimenecho. Munthu akakula amakhala pansi n'kufotokoza kuti poyamba ndinkakhulupirira chakuti, buku lakuti linandigwedeza, kenako ndinasintha. Chimene chinkawanyansa n'chakuti ambiri amalemba ngati anadzibala okha, ngati nzeru zinawapeza atadzitsekera m'chipinda. "Ine ndidzawayankha m'mutu womaliza wa buku langa," ankatero. "Ndidzanena pamene ndaima."

Akazi awo, mayi Maness, sankafuna n'kumva komwe. Kwathu mbiri ya munthu amawerenga ndi ena, mwini wake atagona m'bokosi, ndipo iwo ankati kudzilembera wekha n'kuitana maliro. Choncho a Japhet anazengereza zaka zambiri, mpaka mayiwo anamwalira, ndipo dokotala anauza a Japhet kuti ayamba matenda oiwala.

Apa m'pamene anayamba liwiro. Manja ankanjenjemera, ndiye mwana wawo Joan ankabwera Loweruka lililonse kuchokera kudera la Gorbals atanyamula laputopu. Bambo ankayankhula, mwana n'kumalemba. Za ubwana wawo ku Ntcheu zinalembedwa, za mabuku amene anawasowetsa tulo zinalembedwa, zonse m'Chingerezi chosalala. Joan anabadwira konkuno, ndipo a Japhet eni ake ndiwo analetsa Chichewa m'nyumba kuti mwana asavutike kusukulu. Ndinkawatsutsa pa zimenezi, ndipo mpaka lero zimandipsetsa mtima.

Matendawa ndi ankhanza. Anayamba kuwalanda Chingerezi, chimene anachiphunzira m'kalasi, n'kuwasiyira chiyankhulo chimene anayamwira.

Loweruka lina masana ndinapita kukawaona. Ndinawapeza pampando wa pawindo, nkhope ili ngwee, Joan ali pambali pawo.

"Mwafika, achimwene, koma mwachedwa," anatero a Japhet. "Chaputala chomaliza tamaliza pompano. Azungu aja ndawayankha onse. Lero mutu unali bwinobwino."

"Mwawayankha kuti chiyani?" ndinafunsa.

Anatsegula pakamwa, n'kuyang'ana panja pamene basi inkadutsa. Anaseka pang'ono. "Zathawa. Koma palibe kanthu, mwanayu walemba. Si choncho, mama?"

"Aye, Dad," anavomera Joan m'Chingerezi cha kuno.

Iwo atayamba kusinza, Joan ananditengera kukhitchini n'kundionetsa laputopu ija. Panali mutu wokha, m'munsi mwake mopanda kanthu. Anandiuza m'Chingerezi chake cha kuno, misozi ili mbwembwembwe, kuti bambo ake anayankhula nthawi yaitali osapuma, mwamphamvu ngati kale, koma zonse m'Chichewa. Anaopa kuwadula mawu kuti mwina zonse zingabalalike. Zojambula mawu pafoni anazikumbukira iwo atamaliza kale.

"Palibe chilichonse chimene unatolapo?" ndinamufunsa.

Anatchula mawu awiri okha amene anawazindikira. Bambo ake ankawabwereza kawirikawiri: dzina la agogo ake amene anabala a Japhet, ndi dzina la iye mwini, Joan.