Pule Yathu Yalowa M'chikwama cha Makaniko

Mwaswera bwanji nonse.

Ndili pa Boma ndi achimwene a Dyson, tabwera ndi pikapu ya banja ija. Makaniko wina wachotsa pule ya kutsogolo kwa injini, ija imazunguza lamba, n'kuikapo ina yaing'ono yonyezimira. Akuti galimoto izikoka bwino pa zitunda za ku Ndunde. Taiyesa, yathamangadi, achimwene akungosekerera.

Koma ine ndaona china. Pule yathu yakale, yolemera ija ya labala pakati, munthuyu waipukuta bwinobwino, waikulunga m'kansalu, waiika m'chikwama chake. Ndamufunsa kuti, "Bambo, mwati ndi yachabe, nanga mukuifunditsiranji ngati khanda?" Wangoti, "Mayi, izi n'za amuna."

Amene munalipo zaka za m'ma 80 mukukumbuka. Malemu ababa makaniko wina anawachita zomwezi pa lole yawo ija. Mwezi woyamba inkauluka. Kenaka batire linasiya kudzaza, pampu ya madzi inkazungulira mwaulesi, injini n'kuwira pa Namitambo titanyamula nyemba za anthu. Ine ndinatunga ndowa zinayi tsiku limenelo. Loleyo inathera kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikiramo mazira.

Achimwene akuti za masiku ano n'zina. Kaya. Komatu galimoto iyi ndi imene imapita ndi amayi kuchipatala, ndipo amayi safuna liwiro, amafuna kukafika.

Ndiye mukuti bwanji, abwezeretse yakale kapena tisiye? Yankhani msanga, chikwamacho ndachikhalira.